Mwininkhani wolankhula kapena wachete: musanathire bandulo pa gemu ya RPG

Masana ena mu Okutobala, dzuwa la ku Salima likuswa mtengo, ndinali pakhonde ndi laputopu ndikusewera Skyrim. Mwana wa achemwali anga, wa Fomu 2, anaima kumbuyo kwanga kwa kanthawi akungoyang'ana. Kenaka anati, "Amalume, munthu wanuyu bwanji? Anzake onse akulankhula, iye angoti duu ngati amugwira akuba chinangwa." Ndinaseka, koma funsolo si lachibwana. Opanga magemu akhala akusinthasintha maganizo pa nkhaniyi kwa zaka zoposa 20, ndipo inu amene mukufuna kutaya ndalama ndi bandulo pa gemu imodzi yoti mukhala nayo miyezi, ndi bwino mudziwiretu chimene mukugula.

Tikunena magemu a RPG, aja mumatenga munthu mmodzi n'kuyenda naye m'nkhani yaitali, mukumusankhira zoyankha, zida, anzake ndi khalidwe lomwe. Ku vidiyo shoo timati mwini filimu. Pano ndizimutchula kuti mwininkhani. Wina ndi wachete: mayankho ake amalembedwa pa sikirini, inu mumasankha limodzi, ndipo amene mukucheza nayeyo amayankha ngati wamva mawu. Wina ndi wolankhula: munthu anakalowa mu situdiyo n'kujambula mawu ake onse, ndiye mukasankha, iye amatsegula pakamwa. Palinso ena apakatikati.

Wolankhulayo mumuganizire ngati nkhoswe. Mumamuuza mfundo yanu, koma akafika pabwalo mawu amasankha yekha. Nkhoswe yabwino imakometsa zimene inu mukanazinena mokhadzula. Nkhoswe ina mumaituma kuti ikapemphe nthawi, iyo n'kukathetsa ukwati. Wachete uja alibe nkhoswe. Pakamwa pake ndi panu.

ZOYENERA KUYANG'ANA

Njira iliyonse ndiiyeza pa zinthu zinayi. Mtengo, ndipo apa sindikunena wogulira wokha, koma bandulo ndi malo a m'kompyuta. Kupezeka, kutanthauza ngati gemuyo ingayende pa foni, PS3, PS4 kapena laputopu imene muli nayo lero, osati imene mukulota. Kusamalira: zimene imafuna mukaiika kale. Pomaliza, pamene pamavuta.

Pamwamba pa zinayizi pali funso limene olemba a kunja safunsa chifukwa kwa iwo palibe vuto: Chingerezi mumachimva bwino ndi khutu kapena ndi maso? Magemu onse amene nditchule pano palibe ngakhale imodzi ya m'Chichewa. Ambirife tinaphunzira Chingerezi cha m'buku, ndipo munthu wa ku Scotland kapena wa ku Texas akayamba kuthamangitsa mawu timangotolako zochepa. Ena, makamaka achinyamata okulira pa mafilimu ndi YouTube, khutu lawo ndi lakuthwa koma ndime yaitali yowerenga imawagonetsa. Dziyankheni nokha moona musanapitirire.

NJIRA YOYAMBA: WACHETE

Apa pali Skyrim ya 2011, Fallout: New Vegas ya 2010, Dragon Age: Origins ya 2009, magemu a Pokémon ndi a Dragon Quest, komanso Starfield ya 2023.

Mtengo. Kujambula mawu kumadya ndalama, ndiye kampani ikasiya mwininkhani wachete imakhala ndi mpata wolemba mayankho ambiri. Phindu limenelo limafika kwa inu. Mu Dragon Age: Origins muli zoyambira 6 zosiyana: mutha kuyamba muli mwana wa banja lachifumu, kapena mmphawi wa mumzinda wa pansi pa nthaka, ndipo anthu amakulandirani molingana ndi kumene mwachokera. Gemu imodzi mungaisewere katatu osabwereza chiyambi. Kumbali ya ndalama, akale ndi otsika mtengo. New Vegas pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, imakhala pafupifupi madola 10, ndipo pa nthawi ya seli, pakati pa chaka ndi mu Disembala, imatsika kwambiri. Imafuna malo okwana 10GB basi. Skyrim yoyambirira inkafuna 6GB, yokonzedwanso ya 2016 imafuna 12GB.

Koma musanamizidwe kuti wachete ndiye kuti gemu yopepuka. Starfield imafuna 125GB. Mwininkhani ali chete, inde, koma anthu ena onse m'menemo amalankhula, ndipo chimene chimalemetsa gemu kwambiri ndi zithunzi.

Kupezeka. Apa ndiye wachete wapambana kutali. Laputopu yakale ya ku ofesi imayendetsa New Vegas mukatsitsa zithunzi. Skyrim ilipo pa PS3 ndi PS4 pomwe. Pa foni ya Android pali Knights of the Old Republic, gemu ya BioWare ya 2003, pali Chrono Trigger ya 1995, ndipo ziwirizi mukaziika sizidya bandulo posewera. Amene mumagwiritsa ntchito PPSSPP, pulogalamu yoyendetsa magemu a PSP pa foni, mukudziwa Persona 3 Portable, imene imakulolani kusankha mnyamata kapena mtsikana, onse achete.

Kusamalira. Magemu a zaka zimenezo a Bethesda ndi Obsidian, makampani amene anapanga Skyrim ndi New Vegas, ali ndi timatenda tawo, amatha kungozima okha. Sevani pafupipafupi, ndipo musamangolemba pa sevu imodzi. Pa PS3, Skyrim imayamba kukoka miyendo sevu ikakula, vuto lodziwika kuyambira pomwe inatuluka. Ubwino wake ndi wa ma mod, zija anthu wamba amawonjezera pa gemu mwaulere. Poti mwininkhani alibe mawu, aliyense atha kulemba nkhani yatsopano n'kuilumikiza popanda kusowa wojambula mawu a Dragonborn, mwininkhani wa Skyrim. N'chifukwa chake Skyrim sikufa mpaka lero.

Pamene pamavuta. Kuwerenga ndi kwambiri, ndipo pa sikirini ya foni kapena pa kawayilesi kakanema kakang'ono maso amatopa. Chachiwiri ndi chija anaona mwana wa achemwali: pamalo pofunika kulira kapena kukalipa, munthu wanu amangoima ngati chitsa. Mnzake wapamtima wafa, nyimbo yachisoni ikulira, iye nkhope ili gwa. Kale zithunzi zili timadontho zimenezi sizinkaoneka, maganizo ankadzaza okha. Lero nkhope zikuoneka mpaka thukuta, ndiye uchete umaonekera.

Komabe ndinene chimene chimandikokera kuno. Mwa onsewa, wachete yekha ndi amene amalankhula Chichewa. Ndikawerenga yankho pa sikirini, m'mutu mwanga silimveka ndi mawu a mzungu. Msilikali wa pachipata cha Whiterun, mzinda wa mu Skyrim, akandiimitsa, ine mumtima ndimati, "Iwe, tandipatse njira, ndili ndi uthenga wa kwa mfumu." Munthu wanga ndinamutcha dzina la kwathu, ndipo amaganiza ngati munthu wokulira ku Khombedza. Akangotsegula pakamwa ndi Chingerezi cha ku America, zonsezo zatha, wasanduka mlendo amene ine ndikungomuperekeza. Ndiponso yankho lonse limalembedwa, liwu ndi liwu, ndiye mumadziwa chimene mukunena musanachinene. Mu New Vegas amakuonetsaninso luso limene likufunika kuti yankho ligwire ntchito, ndi nambala yake. Gemu imadikira, mutha kutsegula dikishonale pa foni, palibe wokuthamangitsani.

NJIRA YACHIWIRI: WOLANKHULA

Zitsanzo zazikulu ndi Mass Effect kuyambira 2007, The Witcher 3 ya 2015, Fallout 4 ya 2015 ndi Cyberpunk 2077 ya 2020. Ku Japan, Final Fantasy X ya 2001 ndi imene inayamba kukhala ndi mawu pa mndandanda wa magemu amenewo.

Mtengo. Mzere uliwonse uyenera kujambulidwa, ndipo ngati mungasankhe mwamuna kapena mkazi, kawiri. Mawu a Commander Shepard, mwininkhani wa Mass Effect, anajambula ndi Mark Meer ndi Jennifer Hale. Mu Fallout 4, Brian T. Delaney ndi Courtenay Taylor anajambula mizere pafupifupi 13,000 aliyense. Ndalama imeneyo imabwezedwa pochepetsa mayankho. Inu mumalipiranso pa bandulo: Fallout 4 imafuna 30GB, The Witcher 3 pafupifupi 50GB, Cyberpunk 70GB, ndipo Mass Effect Legendary Edition ya 2021, imene muli magemu atatu, 120GB. Gemu yaikulu ikangotuluka imagulitsidwa madola 60 kapena 70. Muwerengere nokha m'makwacha, pokumbukira kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, komanso kuti Steam imafuna khadi ya banki yolipirira kunja. The Witcher 3 ndi Mass Effect tsopano ndi akale, ndiye pa seli amatsika mpaka kufika poti munthu n'kuganizirako.

Kupezeka. Ambiri amafuna PS4 kapena kompyuta yokhala ndi khadi ya zithunzi. Madisiki ogwiritsidwa kale ntchito mumayenera kuwasaka ku Lilongwe kapena m'magulu a pa WhatsApp ndi Facebook, poti kuno aliyense wa PS akufuna mpira basi. Disiki ili ndi ubwino woti simutsitsa gemu yonse. Chenjerani ndi Cyberpunk pa PS4 yakale: inatuluka ndi mavuto mpaka Sony inaichotsa kaye m'sitolo yake mu Disembala 2020. Pa foni, kudzera mu PPSSPP ija, wolankhula wabwino ndi Zack wa mu Crisis Core: Final Fantasy VII ya pa PSP.

Kusamalira. Pamafunika makutu. Pa Kamuzu Road masana, njinga zamoto zikudutsa, wa m'shopu yoyandikana watsegula sipika mpaka kumapeto, mawu a Geralt, mwininkhani wa The Witcher 3, amene Doug Cockle amawalankhulira kukhosi, simungawamve popanda mahedifoni. Tsegulani mawu olembedwa m'munsi tsiku loyamba lomwe. Magetsi nawo ndi nkhani: magemuwa ali ndi zigawo zazitali zongoonerera zimene simungaseve pakati, ndipo akathima mumabwerera kumbuyo kukamveranso zomwe zija. Ngati mukugula pa kompyuta, sitolo ya pa intaneti ya GOG imakupatsani fayilo yoikira gemu imene mungasunge pa hadi disiki n'kudzaikanso popanda intaneti. Kwa ife a bandulo, chimenechi n'chachikulu.

Pamene pamavuta. Apa ndi pa nkhoswe paja. Poti mawu enieni ndi aatali, gemu imakuonetsani chidule cha mawu awiri kapena atatu, ndipo chimene atanene mumachimva limodzi ndi wina aliyense. Mu The Witcher 3 muli malo pamene yankho likuoneka ngati mungomukankha munthu wina dzina lake Dijkstra kuti mudutse. Mukasankha, Geralt amamugwetsa n'kumuthyola mwendo, ndipo mbali ina ya nkhani imatsekeka pomwepo. Ine ndinagwira pakamwa. Amene Chingerezi ndi chawo anagwa m'mbuna imeneyi, nanga ife? Mu Fallout 4 mayankho amakhala 4 nthawi zonse, ndipo osewera ankadandaula kuti ambiri amakafika pamodzimodzi. Mpaka anthu anapanga mod yoonetsa mawu onse musanasankhe. Bethesda yomweyo, imene inapanga Fallout 4, potulutsa Starfield inabwerera kwa wachete.

Kwinanso ndi pa ufulu. Mu Fallout 4 ndinu kholo lofunafuna mwana wake Shaun, kaya mufune kaya musafune, ndipo mawu ake amamveka a munthu wabwinobwino ngakhale inu mukufuna kusewera ngati chigawenga. Dragon Age II ya 2011 itapatsa mwininkhani wake Hawke mawu, zoyambira 6 zija zinatha, panatsala munthu mmodzi. Dzina nalo limavuta. Mu Mass Effect mumalemba dzina loyamba koma aliyense amangoti Shepard. Mu Final Fantasy X mutha kusintha dzina la mwininkhani Tidus, ndiye gemu yonse palibe amene amalitchula pakamwa, ngakhale mtsikana amene amamukonda. Fallout 4 inayesa: loboti Codsworth amatha kutchula mayina pafupifupi 1,000. Langa palibe.

Ndi zonsezi, wolankhula akakhala wolembedwa bwino palibe wofanana naye. Geralt sanapangidwe kuti akhale inu. Ali ndi mbiri yake, akazi ake, mwana amene anamulera, ndipo inu mumangosankha kuti lero akhale Geralt wofatsa kapena waukali. Nkhani ya Bloody Baron, bambo woledzera amene banja linamuthawa, imagwira mtima chifukwa anthu awiri akuyankhana ndi mawu enieni, wina akuusa moyo, wina akudula mnzake. Wachete sangafike pamenepo. Ndipo ngati kumbuyo kwanu kwadzaza ana oonerera, monga zimakhalira kwathu kuno, wolankhula ndiye amawasunga, chifukwa kwa iwo ndi filimu. Ingokumbukirani kuti The Witcher 3 ndi Cyberpunk ndi za akuluakulu. Mawu otukwana olembedwa amadutsa mwakachetechete, koma otuluka pa sipika amayi ali pa mkeka pomwepo, mlandu wake ndi wanu.

NJIRA YACHITATU: APAKATIKATI

Baldur's Gate 3 ya 2023, ya kampani ya Larian ya ku Belgium, inasiya mwininkhani wachete pokambirana koma inaika wofotokoza nkhani, Amelia Tyler, amene amakuuzani zimene munthu wanu akuona ndi kumva mumtima. Zili ngati agogo akusimba nthano inu mukuvomera kuti tili tonse, kusiyana kwake n'koti pano mukuloledwa kukhotetsa nthanoyo. Disco Elysium ya 2019 inawonjezera mawu mu 2021: maganizo a m'mutu mwa mwininkhani, amene ndi wapolisi, amalankhula, koma mayankho amene inu mwasankha sawerengedwa. Mu Genshin Impact ya 2020, mwininkhani Traveler amalankhula mwa apo ndi apo, ndipo kamnzake Paimon ndi kamene kamalongolola m'malo mwake.

Mtengo. Baldur's Gate 3 inatuluka pa madola 60 ndipo imafuna 150GB. Imeneyo si bandulo, ndi lobola. Genshin ndi yaulere poitenga, koma imafuna intaneti nthawi zonse ndipo ndalama imapezera pa kukuchititsani mwayi wopeza anthu atsopano, zofanana ndi njuga.

Kupezeka. Baldur's Gate 3 palibe pa PS4, imafuna PS5, Xbox yatsopano kapena kompyuta yamphamvu. Disco Elysium ndi yopepukirapo. Genshin imayenda pa foni, koma foni yamphamvu, ndipo ndi kutentha kwa kuno imafika poti n'kukazingirapo dzira.

Kusamalira. Genshin imabwera ndi zowonjezera masabata 6 alionse, bandulo inanso. Mawu a chinenero chilichonse ndi fayilo payokha ya ma GB angapo, ndiye siyani chimodzi, zinazo fufutani. Baldur's Gate 3 imalola kuseva ngakhale pakati pa kukambirana, chinthu chimene aliyense wodziwa kuthima kwa magetsi angachiyamikire.

Pamene pamavuta. Chingerezi cha Disco Elysium n'chozama, cha ndale ndi nzeru za m'mabuku, mawu pafupifupi 1 miliyoni. Si poyambira. Gemu yopitirira ngati Genshin imadaliranso ojambula mawu kuti azipezeka nthawi zonse. Bungwe la SAG-AFTRA ku America litayamba sitiraka ya ojambula mawu a magemu mu Julaye 2024, imene inatha chaka chotsatira, anthu ena a m'gemuyi anakhala opanda mawu a Chingerezi kwa miyezi.

ZA MAGEMU OKOPERA

Tisanamizane, ambiri magemu timawapeza pa fulashi. Ine ndinakoperapo ina pamalo ena ake amene sinditchula, n'kupalasa njinga kubwerera kunyumba mtima uli m'mwamba. Nditaiika, mwininkhani anatsegula pakamwa ndi Chirasha. Amene anaifinya kuti ichepe anachotsa mawu a Chingerezi, ndipo pamwamba pake laputopu inatenga vayirasi. Magemu ofinyidwawa chimene amayamba kudula ndi mawu ndi mavidiyo, ndiye gemu ya wolankhula ndi imene imapweteka kwambiri. Kusonkherana awiri kapena atatu kugula disiki ya PS4 yogwiritsidwa kale ntchito n'kumabwerekana kuli bwino kuposa pamenepo.

NDIYE MUTENGE ITI?

Ngati muli ndi foni yokha ndipo bandulo ndi ya tsiku ndi tsiku, tengani wachete wosafuna intaneti: Chrono Trigger kapena Knights of the Old Republic. Genshin muisiye mpaka mutapeza Wi-Fi yodalirika.

Ngati muli ndi laputopu yakale, New Vegas kapena Dragon Age: Origins, ndipo ikakhala yamphamvuko pang'ono, Skyrim. Wophunzira amene akufuna kunola Chingerezi chowerenga ayambe apa, poti gemu imamudikira mpaka amvetse.

Ngati muli ndi PS4, khutu lanu limagwira Chingerezi cha m'mafilimu, ndipo chimene mukufuna pobwera ku ntchito ndi nkhani yokoma osati kupanga munthu wanuwanu, The Witcher 3. Mahedifoni akhale pafupi, ndipo sevani musanalowe kukambirana kulikonse kooneka kolemera. Amene mumakonda za m'mlengalenga ndi kutsogolera gulu, Mass Effect, ya pa disiki.

Ngati mumasewera pa sitingirumu ana ataunjikana, wolankhula ndiye wosangalatsa onse, koma onani zaka zolembedwa pa chikuto. Final Fantasy X ilipo pa PS3 ndi PS4 yokonzedwanso, ndipo ilibe zochititsa manyazi za mtundu wa The Witcher. Mukakhala ndi wachete, chitani zimene ndimachita ine: mwana mmodzi akhale DJ, aziwerenga mayankho n'kumawamasulira m'Chichewa mokweza ngati mafilimu a ku vidiyo shoo, ena azivota.

Ngati Mulungu anakudalitsani ndi PS5 kapena kompyuta yamphamvu, ndipo muli ndi mnzanu ku Lilongwe wa intaneti yopanda malire woti akutsitsireni 150GB, Baldur's Gate 3 imakupatsani ufulu wa wachete ndi kukoma kwa mawu pamodzi. Mungathenso kusewera awiri pa sikirini imodzi.

Fallout 4 ndingaipereke kwa amene cholinga chake ndi kuwombera ndi kumanga midzi, amene zokambirana amangodumpha. Mwana wa achemwali uja ndi mmodzi wa iwo. Panopa akusunga ndalama za padi yachiwiri.